Kodi ndisankhe digiri ya Chemistry, kapena makolo akunena zoona?

Nachisale wa ku Linga

Moni akuluakulu nonse a pano. Ndine mtsikana wa ku Nkhotakota, ndipo zotsatira za mayeso anga a MSCE zatuluka bwino moti ndili ndi chiyembekezo chopeza malo ku imodzi mwa mayunivesite a boma. Phunziro limene ndinakhoza kuposa ena onse ndi Chemistry, pomwe ndinapeza 2. Ku Physics ndinapeza 3 ndipo ku masamu ndinapeza 4. Mtima wanga uli pa Chemistry, ndipo ndikufuna kuti ikadzafika nthawi yolemba fomu ya bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE ndidzaike maphunziro amenewa patsogolo.

Kunyumba nkhaniyi sikuyenda bwino. Bambo anga akufuna kuti ndilembe za unamwino kapena za Pharmacy ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ati chifukwa munthu wa kuchipatala sagona ndi njala. Amalume anga, amene akhala akundilipirira fizi kuyambira Fomu 1, akunena mosapsatira mawu kuti anthu onse amene iwo akuwadziwa kuti anachita Chemistry anathera pa choko, ndipo sakuona chifukwa choonongera zaka zinayi pa chinthu chimene mathero ake akudziwika kale. Ine uphunzitsi sindikuunyoza ayi, koma ndikufuna kudziwa ngati njira ilidi imodzi yokhayo.

Palinso china chimene chikundisowetsa tulo. Sukulu imene ndinaphunzira ndi yoyendera ya m'dera, yopanda labotale. Titration, njira yoyezera kuchuluka kwa mankhwala monga asidi pothiramo ena dontho ndi dontho, tinaiphunzira pa bolodi, ndipo burette yeniyeni, chubu yagalasi yothirira madonthowo, tinaigwira mayeso atayandikira, aphunzitsi athu atakabwereka zida ku sukulu ina. Ndikuopa kuti ndikakakhala kalasi imodzi ndi anzanga ochokera ku masukulu ogonera konko, amene akhala akusakaniza mankhwala kuyambira Fomu 1, ine ndikakhala wotsalira.

Ndikupempha amene anadutsamo kapena amene ali mkati mwa maphunzirowa kuti andiuze zoona zake ngakhale zikhale zowawa. Kodi ku yunivesite amaphunzira chiyani kwenikweni? Kodi munthu wochokera ku sukulu ngati yanga angakwanitse? Nanga akamaliza amagwira ntchito kuti kuno ku Malawi?

aMwale a ku Chipoka

Mwana wanga Nachisale, wachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ine ndinachita digiri ya sayansi ku Zomba pa nthawi imene sukuluyo inkatchedwa Chancellor College, ndipo ndinaphunzitsa Physical Science ku sekondale phunzirolo asanaligawe pawiri kukhala Physics ndi Chemistry. Choncho ndine mmodzi mwa anthu amene amalume ako akuti anathera pa choko. Ndiyankha funso lako loyamba, za ntchitozo ndisiyira achinyamata amene akudziwa mmene zinthu zilili masiku ano.

Chemistry ya ku sekondale ndi ya ku yunivesite zimafanana dzina, koma zimafuna mutu wosiyana. Ku sekondale mwana woloweza bwino akhoza kupeza 2 pongosunga m'mutu mitundu ya litmus, mayina a ma alkane ndi magulu a pa periodic table. Ku yunivesite sakufunsanso kuti ukasakaniza ichi ndi icho chimachitika n'chiyani. Amafuna ufotokoze chifukwa chake chikuchitika, liwiro limene chikuchitikira, kutentha kumene chikutulutsa kapena kumeza, ndi pamene chidzalekere. Mayankho a mafunso amenewa ali m'masamu, ndipo ndicho chifukwa chake 4 wako wa masamuyo akundidetsa nkhawa kuposa nkhani ya labotale imene iwe ukuiopa.

M'chaka choyamba sumangophunzira Chemistry yokha. Pamakhalanso masamu, Physics, kawirikawiri Biology, ndi phunziro la kalembedwe ndi kalankhulidwe ka Chingerezi. Ukamakwera, Chemistry imagawika nthambi zikuluzikulu zinayi. Ya organic imanena za zinthu zokhala ndi carbon, monga mafuta, shuga, mowa, pulasitiki ndi mankhwala ambiri a kuchipatala, ndipo imeneyi saiphunzira powerenga ngati nyuzipepala. Umafunika cholembera ndi pepala tsiku lililonse, kujambula mmene ma electron akusunthira kuchoka pa atomu iyi kupita pa ina, mpaka dzanja lizolowere. Ya inorganic imanena za zitsulo, miyala ndi mchere wa mitundumitundu, ndipo m'menemo ndi mmene umaona ubwino wa periodic table, imene Mendeleev anaikonza mu 1869 n'kusiya mipata ya ma element amene anali asanapezeke, ndipo gallium itapezeka mu 1875 inakalowa pa mpata umene iye anaisiyira. Ya analytical imaphunzitsa kuyeza kuti mu chinthu muli chiyani ndipo n'chochuluka bwanji. Yachinayi ndi ya physical, ndipo imeneyi ndi imene inkaliza anthu m'nthawi yathu. Mumakhala thermodynamics, ya kutentha kuja, ndi kinetics, ya liwiro lija, ndipo popanda ma logarithm, ma graph ndi calculus sungasunthe ngakhale phazi limodzi. Ndinaona anzanga amene anabwera ndi mapointi abwino kwambiri akulemba mayeso obwereza chifukwa cha nthambi imeneyi, ndipo ena anabwezedwa kumudzi digiri asanaione.

Sindikunena izi kuti ndikuopseze. 4 ndi kirediti yabwino, ndipo ikusonyeza kuti maziko alipo. Koma miyezi imene ukhale ukudikira kuti mayina a osankhidwa atuluke usaithere pa msika wa pa boma pokha. Bwerera ku ma indices, ma logarithm, kusintha ma formula ndi kujambula ma graph, ndipo ngati ungapeze buku la Additional Mathematics kwa mphunzitsi aliyense wa pafupi, yamba wekha differentiation ndi integration. Ukakafika uli utazionako kale, chaka choyamba chikakhala chopepukirapo.

Kunena za choko, amalume ako uwauze mwaulemu kuti mphunzitsi amene anakabwereka burette ku sukulu ina kuti iwe uigwireko ndi amene wakupezetsa 2 ameneyo. Masukulu ambiri a m'mbali mwa nyanja muno alibe mphunzitsi wa Chemistry amene anaiphunzira mozama, ndipo ana amaphunzitsidwa ndi munthu wa phunziro lina amene wangopemphedwa kuti athandize. Koma ndikuvomereza kuti munthu ayenera kulowa m'kalasi chifukwa wafuna, osati chifukwa wasowa kolowera.

Nabanda wa ku Dwangwa

Achemwali, ndikupereka moni kwa inu ndi kwa aphunzitsi athu aMwale, amene afotokoza za maphunzirowo bwino lomwe. Ine ndinamaliza digiri imeneyi ndipo ndimagwira ntchito mu labotale ya fakitale, choncho ndikufuna ndikuonetseni mmene ntchitoyo imaonekera ndi maso, chifukwa anthu ambiri akamva za Chemistry amaganiza za munthu wovala chovala choyera amene akutulukira mankhwala atsopano. Kuno kwathu ntchito yaikulu ya munthu wa Chemistry ndi kuyeza, ndipo amayeza chinthu chomwecho mobwerezabwereza, usana ndi usiku, kuti nambala imene walemba anthu ena aikhulupirire ndi kugwiritsa ntchito.

Titenge chitsanzo cha shuga, popeza m'boma lanu lomweli muli minda ya nzimbe ndi fakitale ya Illovo ku Dwangwa, ndipo ku Salima kulinso fakitale ya shuga. Nzimbe zikaphwanyidwa, madzi ake amabwera mu labotale ali obiriwira motuwa, athovu, onunkhira ngati udzu wongodula kumene. Timayeza kuchuluka kwa zonse zosungunuka m'madzimo, zimene timati Brix, kenaka timawasefa kuti ayere n'kuwathira mu kachubu ka polarimeter, makina amene amadutsitsa kuwala m'madziwo ndi kuona mmene shuga wakupotozera. Kuchokera pamenepo timadziwa kuti mu nzimbe muli sucrose wochuluka bwanji. Nambala imeneyi si yamasewera, chifukwa malipiro a mlimi wa nzimbe amatengera shuga amene ali mu nzimbe zake, osati kulemera kwa nzimbezo kokha. Madzi a nzimbe amakhala ndi asidi pang'ono, ndipo akatenthedwa ali choncho sucrose amasweka kukhala glucose ndi fructose, zimene sizigwirana kukhala timibulu ta shuga. Ndiye amathiramo laimu kuti pH, muyeso wa asidiyo, ifike pafupi ndi 7, ndipo wina ayenera kumayang'anira pH imeneyo nthawi zonse. Zimene aMwale akuti kinetics, ine ndimaziona pamenepo, chifukwa kutentha kukakwera ndipo pH ikatsika, shuga amatayika mofulumira.

Zotsalira zakuda zija zotchedwa molasses zimapita ku fakitale ya Ethco, ku Dwangwa komweko, imene inayamba kupanga ethanol mu 1982. Kumeneko amathira yisiti kuti shuga wotsalayo asanduke mowa, kenaka amautcheza. Nzeru yake ndi yomwe ija ya amayi otcheza kachasu, yakuti ethanol amawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa 100, kungoti kutcheza kokha sikungapitirire maperesenti pafupifupi 96, ndipo kuti ethanol asakanizidwe ndi petulo pamafunika njira ina yochotsera madzi otsalawo. Chifukwa chake cha malire amenewa mukachiphunzira mu physical chemistry, m'chaka chachiwiri kapena chachitatu.

Malo ena amene anzathu amagwira ntchito ndi awa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limayeza zakudya, zakumwa, feteleza, mafuta ndi katundu wina, kuphatikizapo kuona ngati mu mchere muli ayodini ndiponso ngati mu shuga ndi mafuta ophikira muli vitamini A monga malamulo amanenera. Mabungwe ogulitsa madzi, monga Central Region Water Board imene imapereka madzi ku Salima ndi ku Nkhotakota, amafuna anthu oona kuti klorini yotsala m'madzi ofika pa mpopi isachepere mamiligalamu 0.2 pa lita, ndipo aliyense amene anaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, akudziwa kufunika kwa ntchito imeneyi. Madzi a m'mijigo nawonso amayezedwa, chifukwa m'madera ena amakhala ndi fluoride wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amene bungwe la WHO limalola, ndipo ana amakula ndi mano a mawanga ofiirira. Ku malo ofufuzira za ulimi monga Chitedze amayeza nthaka ndi mbewu, ndipo amalonda otumiza mtedza kunja amafuna umboni wakuti mulibe poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Kulinso mafakitale a simenti, a zakumwa, a mafuta ophikira ndi a sopo, ndiponso migodi monga Kayelekera ku Karonga ndi Kangankunde ku Balaka, kumene miyala iyenera kuyezedwa kuti adziwe zimene zili mkati mwake.

Ngati mwaona bwino, ntchito zonsezi zikuchokera ku nthambi imodzi, ya analytical. Langizo langa ndi lakuti mukakalowa musakaitenge ngati phunziro longodutsapo. Phunzirani kusamala zida, kulemba zotsatira mwaukhondo, kuwerengera kuti nambala yanu ikhoza kuphonya ndi zochuluka bwanji, ndiponso kugwiritsa ntchito Excel. Pa tchuthi chachitali pemphani malo ophunzirira ntchito ngakhale osalipidwa, ndipo inu muli ndi mwayi chifukwa mafakitale ali pafupi ndi kwanu, simungasowe pogona. Pofunsidwa mafunso a ntchito, ine sanandifunse za Mendeleev, anandifunsa kuti pH meter ndimaikonzekeretsa bwanji ndisanayambe kuyeza.

aPhiri a ku Kamuzu Road

Ndikulemekeza zimene alemba a Nabanda, ndipo malo onse amene atchulawo alipodi, koma mtsikanayu wapempha zoona ngakhale zowawa. Labotale ya fakitale imakhala ndi anthu owerengeka, ndipo amene walowa satuluka msanga. Chaka chilichonse mayunivesite amatulutsa anthu atsopano, ndipo pa ntchito imodzi yomweyo pamabweranso amene anachita Food Science ku LUANAR, a Industrial Laboratory Technology ku MUBAS ndi a Chemical Engineering ku MUST. Ine ndinamaliza ndi magiredi abwino, koma ndinakhala nthawi yaitali ndikuponya makalata ofunsira ntchito osayankhidwa, mpaka ndinayamba kuphunzitsa pa sukulu ina yomwe si ya boma, pomwe malipiro ankabwera mwini sukulu akafuna.

Lero ndili ndi kashopu ka zipangizo za ulimi kuno ku Salima, ndipo ndimapanganso sopo wamadzi wotsukira mbale. Sindinganame kuti digiri sinandithandize. Mlimi akandifunsa kusiyana kwa urea, amene ali ndi nitrogen maperesenti 46, ndi feteleza wokulitsa wa NPK, ndimamuyankha zomveka, ndipo ndimadziwa chifukwa chake urea ukangomwazidwa pamwamba pa nthaka kunja kukutentha mphamvu yake ina imauluka. Pa sopo ndimadziwa kuyeza pH kuti asatupitse manja a anthu. Koma mpamba woyambira sunachokere ku digiri, unachokera kwa mlamu wanga.

Choncho bambo anu musawaone ngati sakudziwa kanthu. Digiri ya unamwino kapena ya Pharmacy ili ndi dzina la ntchito pamwamba pake, ndipo ili ndi bungwe limene limakulembetsa m'kaundula. Ya Chemistry ilibe zimenezo, ntchito umachita kudzisakira wekha ndi kufotokozera olemba ntchito chimene ungawachitire. Ngati kwanu akudikira inu kuti mudzaphunzitse azing'ono anu, ganizirani mofatsa.

Nangondo

Achemwali anga Nachisale, ine ndili m'chaka chachinayi pa yunivesite ina ya boma, ndipo kwathu ndi ku Khombedza. Ndinachokera ku sukulu yofanana ndi yanu, choncho ndiyankha funso lanu lachiwiri.

Nkhani ya labotale isakusowetseni tulo. M'masabata oyambirira onse amayambira pamodzi, kuphunzitsidwa malamulo a chitetezo, kagwiridwe ka pipette ndi kawerengedwe ka burette diso lili molingana ndi pansi pa kupindika kwa madzi. Tsiku loyamba dzanja langa linkanjenjemera pa kampopi ka burette, ndipo madzi a mu flask anasanduka pinki wowala kwambiri chifukwa ndinathira sodium hydroxide wopitirira, pamene amafuna pinki wotuwa amene amabwera ndi dontho limodzi lokha. Anzanga ochokera ku masukulu otchuka anachitanso chimodzimodzi. Pofika kumapeto kwa semesita yoyamba panalibe amene akanasiyanitsa kuti uyu anachokera kuti. Amene anasiyana ndi anzawo ndi amene ankatsuka zida zawo bwino ndi kubwereza kuyeza mpaka manambala agwirizane.

Chimene palibe anandichenjeza ndi nthawi. Pulakitiko imodzi imatenga maola atatu, kawirikawiri masana pamene a maphunziro ena akupuma, ndipo ikatha pamafunika lipoti lokhala ndi cholinga, njira, zotsatira, mawerengero ndi kufotokoza chifukwa chake zotsatira zako zasiyana ndi za m'buku. M'chaka choyamba mukhoza kukhala ndi mapulakitiko a Chemistry, Physics ndi Biology m'sabata imodzi, aliyense ndi lipoti lake. Kukopera lipoti la mnzako kumaoneka ngati kupulumuka, koma aphunzitsi amazindikira, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti ukazolowera kusintha manambala kuti afanane ndi a m'buku, wadzipha wekha pa ntchito imene a Nabanda afotokoza ija. Dziwaninso kuti zida sizikwanira nthawi zonse. Timagwira m'magulu, ndipo makina ena akuluakulu timangowaonera patali kapena kuwapeza atawonongeka. M'gulu musalole kuti anyamata azigwira zida inu n'kumangolemba manambala, chifukwa zimenezi zimachitika kwambiri ndipo atsikana ambiri amazindikira mochedwa.

Pa ndalama, lembani msanga fomu ya ngongole ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board mukangosankhidwa, ndipo konzekerani chovala choyera cha mu labotale, nsapato zotseka ndi kakyuleta ya sayansi. Mabuku ambiri timawerenga pa foni kapena pa laputopu.

Chimene chandisangalatsa kuposa zonse ndi kafukufuku wa chaka chomaliza, ndipo wanga akukhudza chakudya cha kwanu komweko. Chinangwa chowawa chimene amapangira ufa wa kondowole chili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa linamarin, ndipo chinangwacho chikasendedwa ndi kuviikidwa m'madzi mpaka kufewa, linamarin amasweka n'kutulutsa hydrogen cyanide, poizoni amene amasungunuka m'madzimo ndipo wina amauluka poyanika. Amayi a ku Nkhotakota akhala akuchotsa poizoni ameneyu kuyambira kale popanda kutchula dzina lake. Ine ndikuyeza cyanide wotsala mu ufa woviikidwa masiku osiyanasiyana, pogwiritsa ntchito timapepala ta picrate timene timasintha kuchoka ku chikasu kupita ku mtundu wofiirira cyanide akakhalapo, ndipo ndikufananiza ndi malire a mamiligalamu 10 pa kilogalamu amene anaikidwa pa ufa wa chinangwa. Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa nthawi ya njala anthu amavuula chinangwa msanga chisanafewe, ndipo m'maiko monga Mozambique ndi Democratic Republic of Congo zimenezi zinabweretsa matenda opuwalitsa miyendo otchedwa konzo. Ufa wina woyeza ndinakagula pa msika wa ku Nkhotakota, ndipo amayi ogulitsawo anandiseka kwambiri nditawauza kuti sindikukaphika nsima.

Zimene anena aPhiri ndi zoona, ndipo ifenso m'kalasi mwathu timazikamba. Ambiri mwa ife tikuyang'ana maphunziro a masters, chifukwa ntchito za kafukufuku ndi zophunzitsa ku yunivesite zimafuna digiri yachiwiri, ndipo mwayi wa thandizo la maphunziro umapita kwa amene magiredi awo ali apamwamba kuyambira pachiyambi.

Nachisale wa ku Linga

Zikomo kwambiri nonse, makamaka bambo Mwale pondiuza za masamu, chifukwa ine ndimaganiza kuti ndikasankha Chemistry ndiye kuti masamu ndathana nawo. Mayankho anu ndawawerengera amalume, ndipo afunsa funso limene inenso ndilibe yankho lake. Akuti ngati nkhani ndi mankhwala, bwanji ndichite Chemistry kenaka ndidzatsegule famase kapena ndidzagwire ntchito mu labotale ya chipatala? Akufunsanso kusiyana kwa Chemistry ndi Chemical Engineering imene atchula aPhiri, popeza dzina lakuti injiniya lawakomera m'khutu.

Nabanda wa ku Dwangwa

Achemwali, amalume muwauze kuti njira yoyambayo ndi yotseka, ndipo ndi bwino adziwiretu lero. Munthu wa digiri ya Chemistry si katswiri wa Pharmacy pamaso pa malamulo. Amene amaloledwa kuyang'anira famase ndi amene anaphunzira Pharmacy ndipo analembetsedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Chimodzimodzinso labotale ya chipatala, imene imayeza magazi, makhololo ndi zina zotero, imafuna amene anaphunzira za labotale ya zachipatala ndipo ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Wa Chemistry akhoza kugwira ntchito ku fakitale yopanga mankhwala kapena ku labotale yoyeza ngati mapiritsi ali ndi mphamvu yoyenera, koma sangaime pa kauntala kupereka mankhwala kwa odwala. Ngati chimene mukufuna mumtima mwanu ndi chipatala, lembani za chipatala poyamba pomwe, musalowe Chemistry ndi maganizo akuti mudzakhotera kumeneko pakati pa njira, chifukwa kusintha maphunziro mutalowa kale n'kovuta, ndipo amene amalowa ndi mtima umenewo ndi amene amavutika kwambiri m'chaka chachiwiri.

Kunena za uinjiniya, kusiyana kwake ndikuona tsiku ndi tsiku. Ine ndimatenga madzi a nzimbe odzaza kabotolo n'kunena kuti muli shuga wochuluka mwakuti ndipo pH ili pakuti. Injiniya amatenga nambala yangayo n'kuwerengera kukula kwa mapaipi, mphamvu ya mapampu, nthunzi yofunika kuwiritsa matani a madziwo pa ola, ndi mtengo wa zonsezo. Maphunziro ake amakhala ndi Chemistry yocheperapo koma masamu ndi Physics zochuluka kwambiri, ndipo madigiri a uinjiniya amatenga zaka zisanu pamene a sayansi amatenga zinayi. Mpikisano wolowera nawonso ndi waukulu, ndipo amayang'ana kwambiri giredi ya masamu ndi Physics. Ndi 4 wanu wa masamu, ine ndikanaika sayansi patsogolo. Chikalata cha NCHE chikatuluka, werengani zofunika pa pulogalamu iliyonse payokha, chifukwa kupatula makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi amene amafunika paliponse, pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene amawerengera.

aMwale a ku Chipoka

Ndiwonjezere kamodzi pa zimene wanena mwana wanga Nabanda. Pa fomu pamakhala malo osankha mapulogalamu angapo, choncho sikofunika kuti iwe ndi bambo ako mukangane ngati kuti malo ndi amodzi. Koma usadzaze malo onse ndi mapulogalamu amene amafuna mapointi otsika kwambiri monga Pharmacy ndi udokotala, chifukwa ana ambiri okhoza bwino amatsala mwa njira imeneyi, osati chifukwa cholephera koma chifukwa chosankha mosaganiza.

Ganiziranso za digiri ya uphunzitsi wa sayansi, imene imapezeka ku University of Malawi ndi ku Mzuzu University, ndipo Chemistry umaiphunzira ndithu pamodzi ndi luso lophunzitsira. Amene wachita sayansi yokha n'kudzafuna kukhazikika pa uphunzitsi amayenera kudzawonjezera satifiketi ya uphunzitsi pambuyo pake, monga ndinachitira ine, ndipo imeneyo ndi nthawi ina ndi ndalama zina. Ndinaonanso aphunzitsi a digiri imeneyi amene pambuyo pake anachita masters ya Chemistry n'kupita ku ntchito za kafukufuku, choncho siitsekera munthu m'kalasi moyo wake wonse.

Ngati amalume ako ali ndi mpata, apite nawe ku ofesi ya zamadzi pa boma kapena ku Dwangwa, mukapemphe kucheza ndi munthu wa mu labotale ngakhale kwa theka la ola, kuti iwo akaone ndi maso awo ntchito imene tikukambayi ndipo iwe ukamve fungo la m'chipindamo usanalembe fomu. Buku la Additional Mathematics ndili nalo lakale, masamba ena anathothoka koma mitu ya differentiation ndi integration ilimo yonse. Ngati pali wina wodziwika kwanu amene amayenda pa msewu wa M5 kudutsa pa Chipoka, undiuze pano kuti ndimupatsire.